Musanalembe kalata yopuma pantchito, werengani chobwerera

Pafupifupi aliyense wapantchito kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje ali ndi "ndikadzapuma" wake. Kalaliki wa pa esiteti akuti akadzapuma adzaweta ng'ombe zamkaka. Aphunzitsi a ku Luchenza akufuna sukulu yawoyawo ya mkombaphala. Makaniko wa m'fakitale ya tiyi maso ali pa chigayo, pamene anamwino ena akungoyembekeza tsiku lobwerera kumudzi kukabzala makademiya ndi mapeyala. Maloto onsewa ndi abwino. Chimene chimawagwetsa kawirikawiri ndi tsiku limene munthu wasankha kuchokera pantchito.

Ambiri tsikulo amalisankha poona zaka zakubadwa, ena amalisankha ndi mkwiyo: kwabwera bwana wovuta, akusamutsani popanda chifukwa, mwana wadzana wakwezedwa inu mukuona. Ine ndimati tsiku lopuma lipezeni powerenga chobwerera. Yambani ndi mwezi umene chinthu mukuchilotacho chidzayambe kukudyetsani, kenaka bwererani m'mbuyo kufika lero. Miyezi yonse ili pakatiyo ikufuna malipiro, kaya ochokera kwa abwana kaya m'thumba mwanu. Ngati m'thumbamo mulibe, nthawi sinakwane, ngakhale mutatopa chotani.

Tiyambe ndi penshoni, chifukwa ndi pamene anthu amadzinamiza kwambiri. Kuyambira 2011 lamulo limakakamiza olemba ntchito kuika 10 peresenti ya malipiro anu kuthumba la penshoni, inu n'kuwonjezerapo 5 peresenti. Lamulo latsopano la 2023 linakweza gawo lolandira nthawi imodzi popuma kuchoka pa 40 kufika pa 50 peresenti. Theka linalo, pokhapokha ndalama zonse zikhale zochepa kwambiri, simulitenga m'manja. Limabwera mwezi ndi mwezi, kudzera mu annuity, malipiro a pamwezi ogula kukampani ya inshuwalansi, kapena programmed withdrawal, kutapa pang'onopang'ono mpaka zitatha. Zaka zopumira zimalembedwa m'malamulo a thumba lanu ndipo sizitsika pansi pa 50. M'boma ndi 60.

Tsopano tengani pensulo. Munthu amene wasonkha zaka 20 wasonkha miyezi 240, ndipo 15 peresenti ya miyezi 240 ndi malipiro a miyezi 36. Theka lolandira m'manja ndi malipiro a miyezi 18. Theka lotsala, miyezi 18 inanso, ligawidwe pa moyo wotsala. Mukapuma pa 50 n'kukhala mpaka 75, imeneyo ndi miyezi 300, kutanthauza K6 pa K100 iliyonse imene munkalandira. Mnzanu amene wapirira mpaka 60 wasonkha zaka 30: malipiro a miyezi 54, theka lake 27, logawidwa pa miyezi 180, ndiye K15 pa K100 iliyonse. Zaka 10 zokhazo zachulukitsa cholandira pamwezi kawiri ndi theka.

Masamu amenewa ndi a pamwamba chabe. Thumba limapanga phindu limene limawonjezera, koma kumbukiraninso kuti zosonkha za zaka zoyambirira zinali za malipiro aang'ono, ndipo kwa ambiri ma alawansi salowa m'chiwerengero. Ndiye pali kugwa kwa ndalama. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Mitengo ikamakwera ndi 25 peresenti pachaka, m'zaka 3 zokha chinthu cha K10,000 chimafika pafupi ndi K20,000. Wapantchito amalira mpaka akwezeredwe kangachepe. Annuity yosakwera imakhala pomwepo. Choncho posankha funsani mafunso awiri ndipo mayankho akhale olembedwa: kodi ndalamayi izikwera chaka ndi chaka, nanga ine ndikamwalira akunyumba azilandirabe zingati? A m'boma amene ali pa ndondomeko yakale masamu awo ndi ena, apite ku ofesi yoona za ogwira ntchito akawawerengere pa pepala.

Pali kusiyana kwina kumene anthu amakuzindikira kalata itapita kale. Kupuma, kusiya ntchito ndi kuchotsedwa pochepetsa antchito si chinthu chimodzi. Ndalama za severance, zimene abwana amalipira pothetsa ntchito, zimaperekedwa kwa wochotsedwa pochepetsa antchito kapena wochotsedwa mopanda chilungamo. Wosiya yekha salandira. Ngati kuntchito kwanu kukumveka mphekesera zochepetsa anthu, musathamangire kulemba kalata, mungawachotsere nokha mtolo abwana. Wosiya asanafike zaka zopumira amadikiranso miyezi 3 ali paulova asanapemphe za penshoni (kale inali 6), ndipo sapatsidwa zonse.

Mapepala yambani kuwakonza kutatsala zaka ziwiri. Pemphani sitetimenti ya penshoni kwa amene amasunga thumba lanu, osati kwa akalaliki a malipiro okha, n'kuiika pambali pa mapepala a malipiro mwezi ndi mwezi. Zimachitika kuti pa pepala ndalama ikudulidwa koma kuthumba sikufika. Mukapeza mipata, yambani ndi olemba ntchito, zikakanika dandaulo limapita kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi. Kulondola ndalama zotere n'kosavuta mudakali m'kati kusiyana ndi mutachoka. Onaninso tsiku lobadwa ndi kalembedwe ka dzina: pa chiphaso cha unzika, m'failo ya kuntchito, kuthumba la penshoni ndi kubanki zifanane ndendende. Chilembo chimodzi chosiyana chikhoza kukuyendetsani miyezi. Ngati munagwirapo kumakampani ena, fufuzani kumene kunatsala ndalama zanu za kumeneko. Fomu yotchula odzalandira inu mukamwalira ilembeninso, chifukwa ambiri anailemba ali mbeta kapena ana ena asanabadwe.

Kenaka lembani zimene ntchito imakulipirirani mwakachetechete. Pa esiteti n'zambiri: nyumba, madzi, nthawi zina magetsi ndi nkhuni, kachipatala kapafupi. Kwina ndi inshuwalansi ya chipatala ya MASM, thiransipoti, inshuwalansi ya moyo imene imatha tsiku lomwe mwachoka. Zonsezi zimasanduka bilu. Zaka za m'ma 50 ndi zimenenso BP ndi shuga zimayamba kuonekera, choncho kayezetseni mudakali ndi chithandizo cha kuntchito, mudziwe ngati pa bajeti pakufunika mzere wa mankhwala a mwezi ndi mwezi. Ngongole ya kubanki kapena ku SACCO imene imadulidwa kumalipiro ithe musanachoke. Ikatsala idzadya ndalama imene munati ndi mpamba. Ana werengani ndi materemu: mwana wa Fomu 1 watsala ndi materemu 12 a sekondale, koleji isanayambe. Amene ali ndi chitsirizira ku pulayimale aganize kawiri.

Nyumba imangidwe ndi malipiro, osati ndi penshoni. Izi ndimazinena mosanyengerera. Munthu amalandira theka lija, n'kuyamba nyumba ya zipinda 5, ndalama n'kuthera pa lintala, mpamba palibe, lendi akulipirabe. Nyumba ya zipinda ziwiri yofolera, ya zitseko ndi chimbudzi, yomangidwa pang'onopang'ono mudakali pantchito, imaposa chinyumba chopanda denga. Posankha malo kumbukirani zimene namondwe wa Freddy anachita mu March 2023. M'mphepete mwa Ruo, Thuchila, Likhubula kapena Lichenya, ndi m'munsi mwa zigwa zotsika m'phiri, malo akhoza kutchipa, koma funsani okhala pamenepo pamene madzi ndi miyala zinafika.

Nkhani ya malo ndi yolemera kuno kuposa maboma ambiri. Anthu tachuluka, minda ndi ing'onoing'ono, gawo lalikulu lili m'maesiteti. Komanso kwathu kuno ndi kwa chikamwini, malo ndi a mbumba. Bambo amene akufuna kuthira penshoni yake yonse pa munda wa kuchikamwini akhale pansi ndi akazi ake ndi eni mbumba, agwirizane poyera kuti mitengo, khola ndi nyumba n'za yani banja likadzagwedezeka kapena mmodzi akadzatsogola. Mayi wobwerera kwawo atakhala zaka 25 kutauni asadabwe kupeza munda wake ukulimidwa ndi mng'ono wake, amene nayenso ali ndi ana. Nkhani zotere zimakambidwa zaka zisanakwane, atsibweni alipo. Ngati mukupeza malo kwa munthu wina, kalata ya amfumu yokha sikwanira pamene abale a mwini malo sanavomere. Aitaneni asaine, malire muyende nawo ndi oyandikana nawo, kenaka pitani ku ofesi ya zamalo kwa DC mukafunse za kulembetsa motsatira lamulo la malo a makolo la 2016. Mtengo wa zaka 30 musaubzale pa malo obwereka.

Tsopano kuwerenga chobwerera kuja. Mbewu iliyonse ili ndi nthawi yake ndipo sifulumira chifukwa choti mwapuma. Tiyi mumayamba kutchola pang'ono chaka chachitatu, koma kuti munda utseke bwino n'kumapereka zokwanira pamapita zaka 5 kapena kuposa. Hekitala imodzi imafuna mbande zoposa 10,000, ndipo m'zaka zoyambazo mukupalira, kuthira feteleza ndi kupakiza zofa popanda cholowa. Masamba ake sagonera, agulidwe tsiku lomwelo, choncho musanabzale lowani m'bungwe la alimi la dera lanu, monga Sukambizi kapena Thuchila ku Mulanje ndi Msuwadzi ku Thyolo, mudziwe pamene pali sikelo ndi masiku amene galimoto imabwera. Ndalama zambiri za tiyi zimabwera nthawi ya mvula, kuyambira December mpaka cha mu May. M'chilimwe masamba amachepa kwambiri.

Makademiya omezanitsa amayamba kubala chaka cha 4 kapena 5, n'kudzafika pachimake cha m'ma zaka 10. Amene akufuna kudzadya za makademiya pa 60 abzale ali ndi 50, akadali pamalipiro. Zinanazi zimatenga chaka ndi theka mpaka zaka ziwiri. Nthochi ndi yachangu, chaka chimodzi kapena kupitirirako pang'ono, koma tonse tinaona mmene chisaka chinathera nthochi za ku Thyolo ndi Mulanje. Mphukira zopempha kwa anansi ndi zimene zimabweretsa matendawa m'munda. Pezani mbewu yoyera kudzera kwa alangizi kapena ku Bvumbwe Research, zulani ndi kuwononga phata lililonse lodwala, ndipo onani minda yoyandikana nanu, chifukwa nsabwe zofalitsa chisaka sizidziwa malire. Nandolo ndi wathu ndithu, koma musamangirepo bajeti ya nyumba: mu 2017 India itachepetsa kugula, mtengo unagwa alimi ali ndi matumba m'nyumba.

Ng'ombe yamkaka ndiyo imakopa opuma ambiri, makamaka cha ku Bvumbwe, Goliati ndi Thunga kumene magulu a alimi a mkaka pansi pa bungwe lawo lalikulu la SHMPA anakhazikika kale. Ubwino wake ndi woti ndalama imabwera mwezi uliwonse ngati malipiro. Koma dongosolo lake ambiri amalitembenuza, amayamba ndi kugula ng'ombe. Yambani ndi nsenjere, theka la ekala kapena kuposa pa ng'ombe imodzi, zibzalidwe mvula ya chaka chatha. Ng'ombe yaikulu imadya makilogalamu 40 mpaka 50 a udzu wauwisi patsiku, kuwonjezera madeya ndi mchere, ndipo ikamakamidwa imamwa malita 60 a madzi kapena kuposa. Amenewo ndi zigubu zitatu za malita 20, tsiku lililonse, mu October momwe. Ngati mjigo uli kutali, werengani ndalama ya wotunga. Chachiwiri khola: pansi pa simenti potsetsereka pang'ono kuti mikodzo izituluka, pogona pouma, pokamira padera. Ng'ombe ibwere pomaliza, ndipo pokagula pitani ndi alangizi a ziweto, muione ikukamidwa m'mawa ndi madzulo. Mawu a wogulitsa akuti "imatulutsa 20" si mkaka.

Yosamalidwa bwino kwa mlimi wamba imapereka malita 10 mpaka 15 patsiku. Bere ndi miyezi 9, imakamidwa pafupifupi miyezi 10, n'kuipumitsa miyezi iwiri isanaberekenso. Wokhala ndi ng'ombe imodzi ndiye kuti ali ndi miyezi yopanda malipiro chaka chilichonse. Imafuna yamphongo pa masiku 21 alionse, ndipo mukaphonya zizindikiro kapena wobaya umuna akachedwa, masabata atatu apita. Nkhupakupa zikalekereredwa zimabweretsa matenda opha ng'ombe m'masiku ochepa, choncho kupopera mankhwala sikudumphidwa. Kumalo osonkhanitsira mkaka amayeza ngati mwathiridwa madzi ndi ngati wayamba kusasa. Mnyamata akachedwa panjira kapena chigubu chikapanda kutsukidwa bwino, mkaka wonse umabwezedwa. Ng'ombe ilibe Sabata, ilibe maliro. Amene akulota kupuma kuti azidzuka 8 koloko asankhe china.

Nkhuku zamazira zimayamba kuikira pa masabata 18 mpaka 20. Iliyonse ikayamba imadya magalamu 110 mpaka 120 patsiku, ndiye nkhuku 100 zimamaliza thumba la makilogalamu 50 m'masiku anayi ndi kachidutswa. Musanagule anapiye khalani ndi ndalama ya chakudya cha miyezi 5 yonse ndi katemera wa chitopa, apo ayi mudzazigulitsa zitatsala pang'ono kuikira. Nkhumba zimaswana msanga, miyezi itatu, masabata atatu ndi masiku atatu, koma chigodola chilibe katemera ndipo chimasesa khola lonse. Ogula ndi alendo asalowe m'khola.

Chigayo chamagetsi chimafuna magetsi a three phase. Musanagule makina pitani ku ESCOM akakuuzeni mtengo wokokera kuchokera pa thiransifoma yapafupi, chifukwa nthawi zina umaposa wa chigayo chenichenicho. Werengani zigayo zimene zilipo kale pa mtunda woyenda ndi dengu pamutu, ndipo dziwani kuti January ndi February anthu alibe chogayitsa. Sefa, malamba ndi mabering'i zimatha, sungani zapadera. Ndalama imathawira kwa wogayitsa: gwirani nokha sabata yathunthu, mulembe mayunitsi amene apita ndi ndalama imene yalowa, chiwerengero chimenecho chikhale muyeso wa tsiku lililonse mukamusiyira. Za minibasi ndi njinga za kabaza zopatsa anyamata sindizilimbikitsa kwa munthu amene sanagwirepo sipanala. Mwini amalandira zotsala, zowonongeka zonse n'zake.

Ena akuganiza za nyumba yogona alendo cha ku Likhubula kapena pa Chitakale, makamaka tsopano pamene phiri la Mulanje linalowa m'ndandanda wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 2025. Okwera phiri amachuluka m'miyezi yopanda mvula, kuyambira May mpaka October. Ndalama ya miyezi imeneyo ilipire alonda ndi ophika chaka chonse, kapena mupeze alendo a misonkhano ndi a mabungwe odzaza miyezi inayo.

Chilichonse mwa zimenezi chiyeseni chaching'ono mudakali pantchito, chidutse mvula imodzi ndi chilimwe chimodzi. Gulani kope, lembani chilichonse cholowa ndi chotuluka, kuphatikizapo thiransipoti yanu yopita kukaona, mazira amene mwadya pakhomo, ndi malipiro a mphwanu amene akukuyang'anirani "mwaulere". Ndalama ya bizinesi ikhale mu akaunti yakeyake. Muyeso wanga ndi uwu: bizinesi ikhale ikulipira theka la zofunika pakhomo kwa miyezi 12 yotsatizana popanda kuithira kuchokera kumalipiro, penshoni ya pamwezi ikwanitse gawo lalikulu la theka linalo, ndipo pambali pakhale ndalama ya miyezi 6 yosakhudzidwa. Miyezi 6 imeneyo ndi yodikirira penshoni, chifukwa siituluka tsiku lotsanzikana. Zitatuzi zikakwana pa 52, pumani pa 52. Zikakwana pa 58, pumani pa 58. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Maloto ena sabweretsa ndalama: kubwerera kusukulu, kutumikira kumpingo, kuimba, kusamalira mayi okalamba. Amenewa ndi oyenera ngati ena onse, koma masamu ake ndi okhwima kwambiri popeza penshoni iyenera kunyamula zonse yokha. Musanasiye, funsani ngati kuntchito kuli tchuthi cha maphunziro kapena chopanda malipiro, kapena ngati mungapume n'kubwerera pa kontirakiti ya masiku ochepa pa sabata. Aphunzitsi, anamwino, akawuntanti ndi amakaniko amafunidwabe atapuma. Chiphaso cha ntchito yanu musachilole kutha.

Alipo amene sayenera kudikira masamu onsewa. Ngati dokotala wanena kuti thupi silingapitirize, lamulo la penshoni limalola kupuma pa chifukwa cha matenda, ndipo njira yake ndi kalata ya chipatala, osati kungosiya.

Ndalama ikalowa mu akaunti, mudzi wonse umadziwa. Kudzabwera mphwanu wa fizi, mlamu wa mpamba wa kaunjika, mnzanu wa bizinesi ya ku Muloza yobweza kawiri pamwezi, ndi wina wa pa WhatsApp wolonjeza chiwongoladzanja cha 30 peresenti pa sabata. Gwirizanani ndi akunyumba ndalama isanabwere kuti yothandizira abale ndi yakuti, ikatha yatha. Yotsalayo ikhale miyezi itatu pamalo povuta kutapa, monga fixed deposit kapena ma treasury bill kudzera kubanki yanu, mutu uzizire kaye. Banki m'khonde ndi yabwino pa ndalama zing'onozing'ono, si posungira penshoni. Kukongoza anthu mwa katapila kumathetsa ndalama ndi chibale pamodzi.

Mwezi wochokera nawonso sankhani. December amaoneka wabwino chifukwa chaka chikutha, koma kutsogolo kwake kuli fizi ya January, feteleza wobereketsa, ndi chimanga chokwera mtengo mpaka March, penshoni isanatuluke. Kuchoka kumapeto kwa April kapena May kumakupezetsani chimanga chotchipa choti mugule cha chaka chonse, chilimwe chathunthu chomalizira khola kapena denga, ndi nthawi yokumba mayenje mbande zisanabzalidwe ndi mvula yoyamba. Kwa wolandira pamwezi notisi ya lamulo ndi mwezi umodzi, koma onani kontirakiti yanu, ena amafuna itatu. Masiku a tchuthi otsala awerengedwe ndi kusainidwa musanapereke kalata. M'kalatamo lembani kuti mukupuma pantchito motsatira malamulo a thumba la penshoni, tchulani tsiku lomaliza, ndipo kope lanu lidindidwe ndi ofesi tsiku lomwe mwapereka.